Kayalidwe ka maziko a kasitolo ka zida za kudimba kuno ku Salima

Kasitolo kanga koyamba ndinakamanga mu Ogasiti, nthaka ili gwa, mwera ukuulutsa fumbi pabwalo. Ndinkafuna poika makasu, makheni othirira, sipuleya, mapaipi a pampu ndi matumba angapo a feteleza, kuti zichoke m'chipinda chogona ana. Mmisiri amene ndinamupatsa ntchitoyo anangopala udzu, n'kuthira kasimenti kopyapyala pamwamba pa dothi, tinaimika mitengo, kukhoma malata, ntchito n'kutha. Pofika Febuluwale pansi panali patang'ambika kuchokera pakhomo mpaka kuseri. Matumba awiri a Urea ananyowa kuchokera pansi, ndipo chiswe chinakwera mumng'alu womwewo n'kudya mipini ya makasu. Ndinakweza khasu lina, mpini unangotsala m'manja ngati chigoba, mkati muli dothi lokhalokha.

Kasitolo ka kudimba sikalemera, ndipo n'chifukwa chake anthu amakapeputsa. Maziko ake alibe ntchito yaikulu yonyamula katundu ngati a nyumba. Ntchito yake ndi kutchinga madzi ochokera pansi, kukakamiza chiswe kuti chidutse poonekera, komanso kugwira kasitoloko mphepo ikabwera. Mukaganizira zitatuzi, muona kuti simenti sindiye poyambira.

Yambani ndi kuona kumene madzi amapita

Nthawi yabwino yosankha malo ndi Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati, ngakhale kumanga kwenikweni mudzachite pakati pa Juni ndi Seputembala. Mvula yamphamvu ikangokata, tulukani mukayendere pamalopo. Onani pamene madzi aima, pamene akuthamanga, ndi pamene pauma msanga. Khomani chikhomo pamene pauma msanga, mudzachipeze m'chilimwe.

Ngati simungadikire dzinja, nthaka imasiya zizindikiro. Timitengo ndi mapesi ounjikana mumzere, ndiye kuti madzi anafika pamenepo. Mzere wa matope pakhoma la mnansi kapena pa tsinde la mtengo ukuuzani msinkhu wake. Funsaninso achikulire amene akhala pamudzipo zaka zambiri, ndipo musawafunse za chaka chatha chokha, afunseni za chaka chimene madzi anafika patali kwambiri. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, ndipo chaka chomwecho mtsinje wa Dwangwa unasefukira ku Nkhotakota, anthu ambiri n'kusamuka m'makomo mwawo. Amene madimba awo ali m'mbali mwa Linthipe, Lifidzi kapena Bua, ayike kasitolo kawo kumtunda ngakhale kutalike ndi mabedi. Kuyenda mamita 50 ndi kheni m'manja n'kopepuka kusiyana ndi kugulanso pampu.

Mthunzi wa mango umakopa, makamaka kutentha kwa kuno mu Okutobala, koma musamange pansi pake. Mizu imatukula silabu (pansi pothiridwa konkire) pang'onopang'ono, masamba amaunjikana padenga n'kuchititsa dzimbiri malata, ndipo nthambi imatha kugwa. Tulukani kunja kwa nthambi zake. Pewaninso pafupi ndi chulu, pamene panali dzala, chimbudzi chakale kapena dzenje loumbira njerwa lomwe analikwirira. Dothi lokwirira limapitiriza kutitimira kwa zaka.

Siyani mpata wa mita imodzi mbali zonse, woti muzidutsa poyendera chiswe. Khomo liloze kumene wilibala ingafike mosakhotakhota, ndipo lisayang'ane mbali imene mvula imawomba. Yang'anani khoma la nyumba yanu limene limakokoloka kwambiri, mbali yake ndi imeneyo. Ngati muli pa poloti ya m'tauni, dziwani pamene padutsa paipi ya Central Region Water Board musanamenye piki, musamange pansi pa mawaya a ESCOM, ndipo kafunseni ku khonsolo ngati kanyumba ka msinkhu umenewo kakufunika chilolezo. Wa lendi alankhule kaye ndi eni nyumba.

Kumbani dzenje, muone dothi lanu

Pamalo mwasankhapo kumbani dzenje lakuya masentimita 60. Kuno kunyanja mupeza chimodzi mwa zitatu.

Mchenga, monga wa kufupi ndi gombe, suvuta monga anthu amaganizira. Madzi amadutsa msanga, ndipo ukatsenderedwa uli wonyowa umalimba bwino. Vuto lake ndi kukokoloka m'mbali, kotero maziko ake amafunika mpanda wabwino wowatchinga.

Katondo, dothi lofiira lija, ndiye mwayi wanu. Mukachotsa dothi la pamwamba, pansi pake mutha kumangapo popanda nkhawa zambiri.

Makande ndiwo ofunika kukhala nawo pansi. Ili ndi dothi lakuda la m'madambo ndi m'minda ya mpunga ndi thonje, limene mu Okutobala limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mvula ikagwa n'kumamatira kumapazi mpaka nsapato kutsala. Likamwa madzi limafufuma, likauma limanyala, ndipo chilichonse chimene mwayala pamwamba pake chimakwera ndi kutsika chaka ndi chaka. M'mphepete mwa silabu mumanyowa ndi kuuma msanga kuposa pakati, ndiye silabu imapindika mpaka kuthyoka. Izi n'zimene zinandichitikira ine. Kuti mutsimikize, tapani dothi la pansi pa dzenjelo, linyowetseni pang'ono, mulipote m'manja ngati mukupota chingwe. Likatalika n'kumapindika osaduka, ndipo likuwala mukalisisita ndi chala, ndi makande. Thiraninso ndowa ya madzi m'dzenjemo madzulo. Mukawapeza m'mawa ali chiimire, dziwani kuti malowo amasunga madzi.

Maziko amtundu wanji?

Makolo athu funso limeneli analiyankha kale pa nkhokwe. Sankaikhazika pansi, ankaikweza pa miyala kuti mphepo izidutsa, chinyezi chisafike ku chimanga, ndiponso kuti mwini aziona chilichonse chokwera. Njira yoyamba ndi yomweyo: zipilala za mabuloko kapena njerwa, pamwamba n'kuyala matabwa. Ndi yoyenera kasitolo kopepuka ka matabwa kapena malata, pamalo a makande, potsetsereka, kapena pamene madzi amaima pang'ono m'dzinja. Ndi yabwinonso kwa wa lendi, chifukwa posamuka amanyamula zake.

Yachiwiri ndi kutsendera miyala ndi mchenga, pamwamba n'kuyala njerwa chogoneka, mothinana. Pamafunika njerwa pafupifupi 40 pa sikweya mita iliyonse, kutengera chikombole chimene anaumbira. Ndi yotchipa, ndipo pa mchenga kapena katondo imakhala ndithu, koma chiswe chimadutsa m'mipata. Ndingailole kwa amene akusunga makasu, mafosholo ndi mapaipi okha.

Yachitatu ndi silabu ya konkire. Ngati mudzasungamo feteleza, mbewu, chakudya cha nkhuku, pampu ya petulo kapena mabatire a sola, kapena ngati makoma adzakhala a njerwa, musazengereze, thirani silabu. Ndi imene ndifotokoze mwatsatanetsatane, pa kasitolo ka mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Za zipilala ndibwererako kumapeto.

Chinthu chimodzi musanayeze: silabu ikhale yofanana ndendende ndi kasitoloko, isapose. Anthu ambiri amaisiya itatuluka m'mbali poganiza kuti ndi khonde, koma madzi otsika pakhoma amaima pamenepo n'kulowa pansi pa khoma. Chabwino n'chakuti malata kapena matabwa a khoma atsike masentimita angapo kupitirira mlomo wa silabu, madzi azigwera kunja.

Kuyeza ndi kukhoma zikhomo

Mufunika tepi, chingwe cha omanga, zikhomo 8, hamala ndi levulo. Zikhomo musakhome pa ngodya penipeni chifukwa mudzazikumba. Khomani ziwiriziwiri kunja kwa ngodya iliyonse, theka la mita kuchokera pamzere, kuti zingwe zinayi zizipingasana pa ngodyazo.

Ngodya muiwongole chonchi. Kuchokera pamene zingwe zapingasana, yezani masentimita 90 pa chingwe chimodzi, ikani chizindikiro. Pa chinzake yezani masentimita 120. Mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ukhale masentimita 150. Ukaposa kapena kupelewera, sunthani chingwe mpaka zitheke. Mukamaliza ngodya zonse, yezani mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ya tsidya, kenako mbali inayo. Pa mamita 3 ndi 2, miyeso iwiriyo ikhale pafupifupi mamita 3.61, ndipo ifanane. Mukalekerera masentimita 5 pano, adzakutsatirani mpaka kudenga, malata adzakhala ngati mano a sowo ndipo chitseko chidzakana kutsekeka.

Pamwamba pa silabu pakhale masentimita 15 kuchokera pa nthaka, kuyeza mbali imene nthaka ndi yokwera. Ngati levulo yanu ndi yaifupi, gulani kapaipi koonekera mkati kotalika mamita 6 kapena kuposa, mudzazemo madzi, muchotse mpweya wonse. Madzi a nsonga ziwirizo amaima msinkhu umodzi nthawi zonse. Wina agwire nsonga pa chikhomo choyamba, inu muziyenda ndi inayo n'kumalemba pa zikhomo zina. Kapaipi kotchipa kameneka sikanama.

Kukumba ndi kutsendera

Chotsani dothi lonse la pamwamba, lakuda lokhala ndi mizu, kuya masentimita 15 kapena mpaka mutafika polimba. Dothi limenelo pititsani ku mabedi a ndiwo, ndi lachonde. Chitsa chilichonse chizulidwe ndi mizu yake. Mtengo wotsala pansi pa silabu ndi chakudya cha chiswe, ndipo ukaola umasiya mphako.

Pa makande masentimita 15 sakwanira. Kumbani 50 mpaka 60, ndipo mupitirire m'mbali theka la mita kunja kwa zingwe. Makande mwachotsawo asabwererenso m'dzenjemo. Bwezerani dothi la timiyala lija amathira m'misewu, kapena katondo wosakaniza ndi mchenga. Ndikudziwa kuti ngolo zingapo za dothi ndi ndalama, ndipo apa m'pamene ambiri amafuna kudumpha. Ngati thumba silikulola, musathire silabu pa makande, pitani ku zipilala.

Tsopano thirani miyala yophwanya kapena zidutswa za njerwa zopsa bwino, zosaposa chibakera kukula. Siyani ngalande ya masentimita 20 m'lifupi kuzungulira m'mphepete monse. Mmenemo mudzalowa konkire kuti mlomo wa silabu ukhale wochindikala ndipo uzike m'nthaka. Pa kuya kwa masentimita 15, pakatipo palowa mawilibala pafupifupi 12 kuti mufike pa msinkhu wa nthaka. Musathire onse nthawi imodzi. Thirani theka, wazani madzi, sinjani, kenako theka linalo. Chosinjira mutha kupanga nokha: dzazani konkire m'chitini cha penti cha malita 5, zikani mtengo pakati ngati musi, chiume masiku angapo. Chipika cholemera chokhomera zogwirira chimagwiranso ntchito. Sinjani mpaka phokoso lisinthe, lichoke pa kufwamphuka lifike pa kugunda, ndipo mukaponda ndi chidendene pasatsale chizindikiro. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo siioneka silabu ikathiridwa, choncho ngati mwalemba aganyu, khalani pomwepo.

Pamwamba pa miyala yalani mchenga wochindikala masentimita 5, mawilibala ngati 3, unyowetseni n'kuusalaza. Ntchito yake ndi kutseka mipata ndi kuphimba nsonga za miyala kuti zisaboole pepala.

Mankhwala a chiswe ndi pepala lakuda

Ino ndiyo nthawi yokhayo imene mungathire mankhwala a chiswe pansi pa silabu. Gulani ku sitolo yovomerezeka ya zipangizo zaulimi, nenani kuti mukufuna othira pa maziko, ndipo tsatirani muyeso wolembedwa pa botolo. Thirani madzulo, pamchenga ndi m'ngalande ya m'mphepete, mutavala magolovesi ndi chophimba kukamwa, ana ndi nkhuku zili kutali. Ngati chitsime cha kudimba, mjigo kapena dziwe la nsomba zili pafupi, ine ndimati musathire. Kuno madzi a pansi ali pafupi ndipo mchenga sugwira kanthu. Dalirani silabu yopanda ming'alu ndi maso anu. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amathira pansi, musatero. Amaipitsa nthaka ndi madzi.

Kenako yalani pepala lakuda la pulasitiki, lochindikala la omanga lija, osati lopyapyala lofoleretsa denga la udzu. Litsike m'ngalande n'kukwera mbali inayo. Polumikiza, mapepala apitirirane masentimita 20. Pepalali limatchinga chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka, chomwe chimasungunula feteleza ndi kuumitsa simenti m'thumba. Limathandizanso tsiku lothira, chifukwa mchenga wouma sumwa madzi a mu konkire.

Matabwa a m'mbali

Zungulizani matabwa a masentimita 15 m'lifupi motsatira zingwe, mlomo wake wa pamwamba ukhale pa msinkhu munalemba uja. Khomani zikhomo kunja kwake, motalikirana masentimita 60, chifukwa konkire wamuwisi amakankha mwamphamvu ndipo thabwa lopanda chochirikiza limatuluka mimba. Zikhomo zisapitirire pamwamba pa thabwa, zidzakutchingani posalaza. Yezaninso mopingasa.

Pa mchenga, mbali za ngalande zimagumuka. Pamenepo ndi bwino kumanga kampanda ka mabuloko kapena njerwa kuchokera pansi pa ngalande kufika pa msinkhu wa silabu, kakhale komweko mpaka kalekale. Mabuloko a simenti masiku ano savuta kupeza. Chiyambire 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, oumba mabuloko achuluka.

Pa makande, kapena ngati mudzaikamo makina olemera, yalani waya wa BRC, wolukana ngati ukonde wolimbitsa konkire. Akhale pakati pa konkire, osati pansi pa pepala penipeni. Mukhazikeni pa timiyala kapena tizidutswa ta konkire totalika masentimita 4 kapena 5, ndipo asakhudze matabwa.

Simenti, mchenga ndi miyala

Muyeso wake ndi 1:2:4, kutanthauza gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga, anayi a miyala ya kwale. Thumba la simenti la makilogalamu 50 ndi pafupifupi theka la wilibala ya omanga, choncho thumba limodzi limayenda ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi ziwiri za miyala, zodzaza mofanana ndi mlomo, osati zaphiri. Silabu yathu ya masentimita 10 kuchindikala, pamodzi ndi mlomo wake, imadya konkire pafupifupi kiyubiki mita imodzi, omwe ndi matumba 6 ndi pang'ono. Gulani 7, mchenga mawilibala 7, miyala 14. Kupelewedwa thumba limodzi silabu ili pakati, inu muli ku Lifuwu kapena ku Khombedza, sitolo ili ku Kamuzu Road, ndi chinthu chowawa.

Pa thumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, kusonyeza mphamvu ya simentiyo. Pa kasitolo 32.5 ndi wokwanira. Chofunika kwambiri n'chakuti akhale watsopano. Ligwireni thumbalo m'makona. Mukamva zibuma zosaphwanyika ndi zala, lisiyeni.

Mchenga wabwino wa konkire ndi wa kumtsinje, wokhakhala, wolira mukaufinya m'manja. Wosalala kwambiri ngati ufa umafuna madzi ambiri ndipo konkire wake amafooka. Uyeseni chonchi: thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka masentimita 10, onjezani madzi, khutchumulani, liikeni pansi mpaka mawa. Mchenga ukhala pansi, matope pamwamba pake. Matopewo akayandikira sentimita imodzi, mchengawo ndi wakuda, utsukeni kapena funani wina. Ndipo pogula funsani kumene achokera nawo. Okumba m'gombe la nyanja ndi m'makoma a mitsinje akutigumulira malo amene tonse timadalira.

Miyala ikhale ya mamilimita 20 kapena kuyandikira apo, yopanda dothi. Madzi akhale oti munthu angamwe.

Tsiku lothira

Konzani zonse dzulo lake: madzi m'migolo, zida pamalo, anthu anayi otsimikizika. Yambani kukangocha. Dzuwa la ku Salima likakwera, konkire amayamba kugwira musanamusalaze, ndiye cholinga chikhale kumaliza isanakwane 10 koloko. Silabu yonse ithiridwe tsiku limodzi osalekeza. Polumikiza konkire wa dzulo ndi wa lero m'pamene pamadzang'ambika. Valani magambuti ndi magolovesi, simenti amawotcha khungu.

Sakanizirani pa malata akale kapena pa simenti, osati padothi. Yambani ndi mchenga ndi simenti zouma, tembenuzani mpaka mtundu ukhale umodzi, onjezani miyala, tembenuzaninso kawiri. Kenako pangani dzenje pakati n'kumathira madzi pang'onopang'ono, malita 20 mpaka 25 pa thumba, ochepera ngati mchenga ndi wonyowa.

Pa madzi m'pamene mudzakangane ndi okuthandizani. Konkire wamadzimadzi ndi wopepuka pa fosholo ndipo amayenda yekha, ndiye aliyense wotopa amafuna kuwonjezera ndowa. Koma madzi opitirira muyeso akauma amasiya timabowo, silabu n'kukhala yofumbutuka ndi yomwa madzi. Konkire wabwino amakhala ngati nsima imene yangoyamba kulimba, osati phala. Mukadinda ndi fosholo, mzere utsale osatsekeka, ndiponso osagumuka. Mmisiri wina wachikulire anandiuza mawu amene ndimawakumbukira: "Achimwene, ndowa ya madzi muigwire nokha, fosholo ndiye mupatse anyamata."

Yambani kuthira m'ngalande ya m'mphepete, kenako pakati, kuchokera ku ngodya yakutali kubwerera kumene mukusakanizira. Jobani ndi mtengo paliponse kuti mpweya utuluke, makamaka m'makona, ndipo gogodani matabwa ndi hamala kunja kwake kuti mlomo udzatuluke wosalala, wopanda mabowo ngati chisa cha njuchi. Tengani thabwa lowongoka lotalika mamita 2.5, anthu awiri aligwire uku ndi uku litakhala pa matabwa a m'mbali, azilikoka ngati akucheka ndi sowo uku akusendera kutsogolo. Pamene pachepa onjezani, dutsaninso.

Mukatero timadzi tiyamba kutuluka pamwamba. Musakhudze. Dikirani tiphwe, kenako salazani ndi kathabwa kosalazira. Musawaze simenti wouma pamwamba kuti paoneke bwino, kachikopa kameneko kamadzasupuka. Pansi pa kasitolo sipafunika kuterera ngati pabalaza, pokhakhala pang'ono m'pabwino kwa munthu wolowa ndi matope kumapazi.

Konkire asanagwire, zikani mabawuti. Iyi ndi mbali imene ambiri amaiwala, koma mwera wa Juni ndi Julayi, komanso mphepo ya mkuntho imene imabwera ndi mvula yoyamba, zimanyamula kanyumba ka malata kongokhazikidwa. Tengani mabawuti a mamilimita 12, otalika masentimita 20, opindika kunsi. Alowe pamzere wa khoma, masentimita 5 kapena 6 kuchokera m'mphepete, motalikirana mita imodzi, ndi limodzi pafupi ndi ngodya iliyonse, kupatula pakhomo. Atsale kunja masentimita 7, ndipo mazinga ake muwakulunge ndi kapepala kuti asamatidwe simenti. Thabwa la pansi pa khoma lidzamangidwa pa mabawuti amenewa, pansi pake mutayala kachidutswa ka pepala lakuda. Ngati khoma ndi la njerwa, mabawuti safunika pano, koma pepalalo liyalidwe pansi pa mzere woyamba, ndipo denga lidzamangiriridwe ndi waya wolowa m'khoma.

Kuthirira

Konkire salimba chifukwa chouma. Amalimba chifukwa simenti akupitiriza kugwirana ndi madzi, ndipo madzi akatha msanga, kulimbako kumalekera pomwepo. Kuno kotentha ndi kwa mphepo, silabu yosiyidwa padzuwa imatha kung'ambika timing'alu tsiku lomwelo. Pakangolimba moti chala sichikudinda, phimbani ndi masaka onyowa, udzu kapena mchenga, ndipo thirirani m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku 7 osadumpha. Njira ina yosavuta ndi kuumba kamzere ka dothi m'mphepete n'kudzaza madzi pamwamba ngati munda wa mpunga. Tchingani ndi minga kuti mbuzi, agalu ndi nkhuku zisapondepo usiku woyamba.

Matabwa chotsani pakatha masiku awiri kapena atatu, mosamala kuti makona asabenthuke. Pa masiku 7 konkire amakhala atafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, ndipo mutha kuyamba kuimika makoma opepuka. Mphamvu yonse amaiwerengera pa masiku 28. Matumba ambiri ndi makina adikire pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kunja kwa silabu

Bwezerani dothi m'mbali motsetsereka kuchoka ku kasitolo, ndipo mulisinje, koma mlomo wa silabu utsale poonekera masentimita 10 kapena kuposa kuzungulira konse. Mlomo umenewo ndiwo mlonda wanu: chiswe chikafuna kukwera chimamanga kanjira kake ka dothi pamenepo, inu n'kukaona. Musaunjikepo nkhuni, mapesi kapena manyowa. Pamene madzi a padenga amagwera yalani miyala kapena njerwa kuti asakumbe, ndipo mbali ya kumtunda kumbani ngalande yopatutsa madzi. Pa makande musabzale maluwa othirira kapena nthochi moyandikana ndi khoma, chifukwa mbali imodzi ikamanyowa ina ili youma, silabu imapendekeka. Pakhomo pangani kotsetsereka koti wilibala izikwera. Ndipo ngakhale pansi pali pepala, feteleza ndi mbewu zikhale pa matabwa, zisagunde khoma.

Kwa amene asankha zipilala

Kuyeza ndi komwe kuja. Pa mamita 3 ndi 2 ikani zipilala 12, mizere itatu ya zinayizinayi, motalikirana mita imodzi. Dzenje lililonse likhale masentimita 40 mbali zonse, kuya 45 pa dothi labwino. Pa makande pitirirani 60, mpaka mufike pamene dothi silikung'ambikanso. Thirani konkire wochindikala masentimita 15 pansi, mawa lake mangani mabuloko kapena njerwa kufika masentimita 30 mpaka 45 pamwamba pa nthaka, kapena kupitirira pamene madzi amafika. Mabowo a mabuloko adzazidwe konkire, ndipo muzikemo bawuti kapena waya wochindikala womangira mitanda. Kapaipi ka madzi kaja kagwire ntchito pano kuposa pena paliponse, chifukwa chipilala chimodzi chikatsika, pansi ponse pamanjenjemera.

Pamutu pa chipilala chilichonse vindikirani kachidutswa ka lata losalala, lotuluka masentimita 5 mbali zonse, lopindikira pansi ngati chipewa. Latalo silipha chiswe, koma limachikakamiza kuzungulira panja pomwe mungachione. Mitanda ikhale ya matabwa a 2x6 (mainchesi 2 kuchindikala, 6 m'lifupi) othiridwa mankhwala, kapena bulugamu wokhwima wothiridwa mankhwala, ndipo paliponse mwadula pakaninso mankhwala. Pansi pake pakhale pambalambanda, posesedwa, osasandutsa posungira nkhuni.

Kaya mwathira silabu kaya mwamanga zipilala, chaka chilichonse kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, fukulani ngalande, bwezerani dothi pamene lakokoloka, ndipo mangitsani mabawuti ndi sipanala. Inswa zikayamba kuuluka, zungulirani kasitoloko sabata iliyonse mutawerama. Mukapeza kanjira ka dothi kakukwera, kaphwanyeni, mukatsate mpaka pamene kachokera.